Kupirira kulikonse si mphamvu

Nthawi zonse apolisi akalengeza chiwerengero cha anthu amene adzipha m'dziko muno, n'kupezeka kuti ambiri mwa iwo ndi abambo, mkangano umodzimodzi umabuka m'mapulogalamu oimba foni pa wayilesi, m'minibasi ndi pa Facebook. Mkangano womwewo umabukanso mayi akafika kuchipatala ndi mabala omupatsa mwamuna wake, kapena ukwati wa dzulodzuloli ukathera kukhoti, ngongole za phwando lake zisanabwezedwe n'komwe. Gulu lina limati m'badwo uno ndi wofooka, sudziwa kupirira, kavuto pang'ono wataya kale mtima. Gulu lina limati kupirira komweko ndi kumene kukutha anthu. Ine ndili kumbali yachiwiriyi, ngakhale pali pamene ndimasiyana nawo anzanga a mbaliyi, ndipo ndifikapo. Mfundo yanga ndi yakuti kupirira pakokha si mphamvu ya mumtima. Wolimba mtima ndi munthu amene amatha kusiyanitsa vuto lofunika kulipirira ndi choipa chofunika kuchikana, ndipo akasiyanitsa amachitadi zimene waona kuti n'zoyenera, ngakhale zimutayitse ndalama, abwenzi kapena ulemu. Amene amameza chilichonse poopa kuti anthu anena chiyani akulamulidwa ndi mantha, ndipo timamulakwira tikamamuwombera m'manja kuti ndi chitsanzo chabwino.

Kuti timvane, tiyambe ndi kusiyanitsako. Pali mavuto amene sabwera ndi munthu, ndipo palibe khomo loti ukagogode kukadandaula. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'chigawo chakummwera anthu mazanamazana anamwalira, ena sanapezeke mpaka lero. Mayi amene anatuluka m'matopemo ndi chitenje chokha, n'kukagona pamsasa wa pasukulu, kenako n'kuyambiranso kuumba njerwa ndi kukazinga mandasi, ameneyo anapirira, ndipo kupirira kwakeko ndi mphamvu yeniyeni. N'chimodzimodzi mlimi amene chimanga chake chapsa ndi ng'amba koma chaka chotsatira wagwiranso khasu, kapena mwana amene akudwazika kholo lake zaka ndi zaka osalinyanyala. Koma palinso mavuto ena okhala ndi mwini wake: mbama ya usiku uliwonse, bwana wofuna thupi la mtsikana kuti amulembe ntchito, achibale olanda nyumba ya ana amasiye maliro asanathe, mlembi wonena kuti fayilo yasowa mpaka umupatse ya fanta. Mavuto a mtundu uwu amanenepa ndi kupirira kwathu. Womenya akaona kuti dzulo palibe chinachitika, lero amawonjeza. Choncho tisanayamikire munthu kuti ndi wopirira, tiyenera kufunsa kuti wapirira chiyani, ndipo kupirira kwakeko kwapindulira ndani.

Otsutsa amayamba ndi makolo. Amati agogo athu ankakhala m'banja mpaka imvi, ankalera ana ambiri popanda malipiro a pamwezi, ndipo sankalongedza katundu chifukwa cha mkangano wa ndiwo. Amati ana a lero akufuna banja lopanda chilema, longa zithunzi zimene amaona pa foni, ndipo likangosiyana pang'ono ndi zithunzizo amathawa. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake. Alipodi anyamata othawa mimba, alipo atsikana osiya banja chifukwa bambo wachotsedwa ntchito, ndipo anthu oterewa sindingawaikire kumbuyo. Komabe amene amatchula makolo amaiwala theka la nkhani. Pakati pa Achewa, Alomwe, Ayao ndi Amang'anja, mwamuna ndiye ankapita kuchikamwini, kukamanga nyumba pamudzi pa mkazi. Mkaziyo ankakhala pakati pa abale ake, mayi ake ali nyumba yachiwiri, alongo ake ali pafupi, mwini mbumba akumva zonse. Mkamwini wankhanza kapena waulesi sankanyengereredwa mpaka kalekale: ankhoswe ankakhala naye pansi kamodzi, kawiri, zikakanika ankauzidwa kuti atenge zake aone msana wa njira. Ngakhale kumpoto ndi madera ena kumene kuli malowolo, nkhani ya nkhanza inkafika kwa akuluakulu a mbali zonse ziwiri, n'kuweruzidwa. Kupirira kwa makolo kunali ndi mpanda, ndipo kunali anthu olondera mpandawo. Lero mtsikana wa ku Dowa amakwatiwa n'kukakhala m'nyumba ya lendi ku Ndirande kapena ku Area 25, ankhoswe ali kutali, mwinanso anangobwerekedwa tsiku la chinkhoswe, ndipo chimene wachoka nacho ku bridal shower ndi mapoto, mbale, ndi malangizo akuti banja ndi kupirira, za m'nyumba saulula. Tamusiyira lamulo la kupirira, koma chitetezo chimene chinkayenda limodzi ndi lamulolo tachichotsa. Amene akuti tibwerere kwa makolo abwerere ndi zonse, asasankhe mbali yokomera womenya yokha.

N'chifukwa chake sindivomereza anthu akamati kukana nkhanza ndi chizungu. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana mazanamazana, kubwezera atsikanawo kusukulu, ndi kuimitsa paudindo nyakwawa zimene zinkaloleza maukwatiwo. Mayiyu sanayankhule ngati mlendo wochokera kunja. Anayankhula ali pampando wa ufumu wa makolo ake, ndipo anakumana ndi makolo okwiya amene anali atalandira kale kangachepe kuchokera kwa apongozi. Mwana wa zaka 14 akamalira kunyumba ya bambo wamkulu, ankauzidwa kuti pirira, uzolowera. Kodi mphamvu inali mwa ndani, mwa amene ankamuuza mwanayo kuti azolowere, kapena mwa mfumu imene inalolera kudedwa ndi anthu ake omwe? Malamulo athu nawo anayankha kale: lamulo loletsa nkhanza za m'banja linakhazikitsidwa mu 2006, lamulo la maukwati la mu 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti pasakhalenso kampata.

Mtsutso wachiwiri umachokera kutchalitchi, ndipo ndi wolemera chifukwa ambiri a ife ndi opemphera. Amati Yobu anapirira, Yesu ananyamula mtanda, ndipo wokumenya tsaya lina umupatse linalo. Nanga ndiwe yani woti udandaule? Apa ndingopempha kuti tiziwerenga nkhanizi mpaka kumapeto. Yobu sanakhale chete. Anatemberera tsiku limene anabadwa, anakangana ndi anzake amene ankamuuza kuti avomereze kuti analakwa, ndipo pomaliza amene anadzudzulidwa ndi anzakewo. Yesu analira pamanda a Lazaro anthu akuona, anagubuduza magome a osintha ndalama m'kachisi, ndipo atamenyedwa mbama pabwalo la mkulu wa ansembe anamufunsa womenyayo chifukwa chimene wamumenyera. Mtanda anaunyamula mwa kufuna kwake ndiponso pa chifukwa chimene ankachidziwa. Izi n'zosiyana kutalitali ndi mayi amene akuthyoledwa nthiti Loweruka lililonse, Lamulungu n'kumauzidwa ndi amayi anzake a mvano kuti umenewo ndi mtanda wake. Kukhululuka ndi ukoma waukulu, ndipo kumafuna mtima wolimba kuposa kubwezera. Koma munthu akhoza kukhululukira womulakwira n'kukanenabe kupolisi, chifukwa kukhululuka kumachotsa chidani mumtima mwa wolakwiridwa, pamene kunena kumateteza amene akanadzavulazidwa mawa.

Ndipo ngati pali anthu oyenera kudziwa kuopsa kosokoneza kumvera ndi ukoma, ndife Amalawi. Kwa zaka pafupifupi 30 za ulamuliro wa Kamuzu Banda tinkaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Palibe choipa pa mawu amenewa paokha. Koma pansi pa mawu omwewa anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, mayi wapakati ankagulitsidwa khadi lachipani la mwana wosabadwa, ndipo aliyense ankati tipirire, makoma ali ndi makutu. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi imene inanena poyera zinthu zimene aliyense ankazidziwa koma ankangozinong'ona. Boma linati kalatayo ndi youkira, maepiskopiwo anaitanidwa kupolisi, malo osindikizira mabuku a ku Balaka anatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche, mmodzi mwa osainira kalatayo, anathamangitsidwa m'dziko. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe akudziwa bwino kuti amangidwa, ndipo anamangidwadi. Pa 14 Juni 1993 anthu anavotera ndale za zipani zambiri. Sindikunyoza mamiliyoni amene anakhala chete zaka zonsezo. Anali ndi ana owalera, ndipo mantha awo anali ndi maziko. Koma tikamakamba za kulimba mtima pa nthawi imeneyo, sititchula amene anaimba nyimbo mokweza kwambiri pamisonkhano. Akulu anati chetechete sautsa nyama.

Tsopano za abambo, kumene mkanganowu umafika poyipa. Mnyamata amakula akumva kuti mwamuna salira. Akagwa pa mpira amauzidwa kuti dzuka, ndiwe mkazi kodi? Akakula, n'kukhala ndi banja, amapezeka kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, monga zinachitikira mu Novembala 2023, malipiro ali pomwepo, lendi yakwera, fizi ikudikira, kumudzi akufuna fetereza. Amakatenga katapila kuti atseke dzenje lina, mwina amayesa kubetcha pa mpira kuti abweze katapilayo, ndalama ya banki m'khonde imene mkazi anamusungitsa n'kupita. Kunyumba sanena. Kwa anzake kumowa amaseka, n'kugula botolo lina kuti asaoneke kuti zavuta. Otsutsa amati bambo wotere akungofunika kulimba ngati mwamuna, ndipo amaopa kuti tikayamba kuuza abambo kuti azilira, mabanja asowa wowatsogolera pa nthawi ya mavuto. Nkhawa yawo ndikuimva: pamaliro, pa ngozi, pamafunika wina wodekha woti aganize za bokosi ndi galimoto ena akulira. Koma kudekha pa ola la ngozi n'kosiyana ndi kubisa vuto kwa miyezi mpaka litaphulika. Taganizirani chimene chimafunika kuti bambo akhale pansi ndi mkazi wake n'kunena kuti, mayi a ana, ndalama ija ndaluza, ndili ndi ngongole yakutiyakuti, tiyeni tione chochita. Ayenera kugonjetsa manyazi, kulolera kukalipiridwa, kulolera kuti apongozi amve. Zimenezi n'zovuta kuposa kukhala chete, ndipo chovutacho ndicho chimafuna mphamvu. Sindikuti abale athu amene anadzipha anali amantha. Ambiri anali odwala nkhawa, matenda enieni amene ali ndi chithandizo m'zipatala, kuphatikizapo za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Chimene ndikunena n'chakuti tinawaphunzitsa kuti kupempha thandizo n'kochotsa ulemu, ndipo anatimvera.

Apa ndiye ndifike pamene ndimasiyana ndi anzanga a mbali yanga. Ena akamva kuti kukhala chete si mphamvu, amaganiza kuti ndiye kuti phokoso ndi mphamvu. Ayi. Munthu wotukwana anzake pa Facebook ndi dzina lobisika, kapena wolalatira namwino amene wagwira ntchito usiku wonse, sanaonetse kulimba mtima kulikonse. Otsutsa akamati tikulera m'badwo wongodandaula, wosadziletsa, pamenepa amanena zoona. Chitsanzo choopsa kwambiri ndi chigulu. Wina akangokuwa kuti wakuba pamsika, anthu amene sanaone kalikonse amatola miyala, wina akuthamangira matayala ndi petulo. M'midzi agogo amaphedwa powaganizira ufiti, monga zinachitikira ku Neno mu 2016 pamene okalamba anayi anaphedwa mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi, ngakhale kuti lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Onse oponya miyalawo amadziona ngati ngwazi, koma palibe chophweka kuposa kuchita zimene anthu zana akuchita. Wolimba mtima pamalo amenewo ndi mmodzi uja woima pakati n'kunena kuti musiyeni, tiyeni naye kupolisi, akudziwa kuti mwala wotsatira ukhoza kugwera iye. Choncho kudziletsa kuli mbali ya mphamvu imene ndikunena. Mayi wokana kumenyedwa ndi mnyamata wokana kumenya nawo wakuba akuchita chinthu chimodzi: onse akana kutengeka ndi zimene anthu owazungulira akuyembekezera.

Mtsutso womaliza ndi umene umandivuta kwambiri kuyankha. Amati zonsezi n'zokoma kulemba, koma ukoma uli ndi mtengo, ndipo wosauka sangaukwanitse. Mayi wopanda ntchito, wa ana anayi, akachoka kwa mwamuna womumenya adya chiyani? Mlembi wa m'boma akakana kusainira chinyengo cha bwana wake, mawa amusamutsira kudera lakutali kapena amupangira mlandu. Zimenezi n'zoona, ndipo aliyense amene amauza wosauka kuti ingochoka, iye ali m'nyumba ya mpanda, sakudziwa zimene akunena. Yankho langa lili pawiri. Choyamba, kumvetsa chifukwa chimene munthu wakhalira chete sikutikakamiza kutamanda kukhala cheteko. Mayi uja timumvere chisoni, timuthandize kupeza pogwira, koma tisamuimike kutsogolo kwa atsikana kuti onani mkazi weniweni, chifukwa potero tikuuza atsikanawo kuti nawonso adzatero. Chachiwiri, mtengo wa kukhala chete ulipo, kungoti amalipira ndi ena. Nkhani ya Cashgate itaphulika mu Sepitembala 2013, ofufuza anapeza kuti ndalama pafupifupi K24 biliyoni zinatuluka m'boma m'miyezi yochepa, zambiri kupita ku makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Ndalama zochuluka chonchi sizidutsa pa desiki imodzi. Panali anthu amene anaona macheke akuyenda, anaona anzawo a malipiro ofanana nawo akugula magalimoto ndi kumanga nyumba zosanja, n'kunena mumtima kuti za eni, ine ndisunge ntchito yanga. Mayiko othandiza anaimitsa thandizo la bajeti, ndipo amene analipira ndi wodwala amene anauzidwa kuti mankhwala kulibe, akagule ku famase.

Tili nachonso chitsanzo cha mbali inayo, ndipo sichifuna kuti munthu akhale wa chipani chakutichakuti kuti achione. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Michael Tembo, anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu 2019. Izi zinali zitachitikapo kamodzi kokha mu Africa, ku Kenya mu 2017. Chigamulo chisanaperekedwe, mkulu wa oweruza pa nthawiyo, a Andrew Nyirenda, anakanena ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB kuti pali amene akufuna kupereka chiphuphu kwa oweruzawo, ndipo mlanduwo unadzafika kukhoti. Tsiku la chigamulo oweruzawo anafika moperekezedwa ndi asilikali, n'kuwerenga chigamulo chawo kuyambira m'mawa mpaka usiku. Sanakuwe, sanatukwane munthu. Anamvetsera umboni kwa miyezi ingapo, kumene kuli kupirira ndithu, koma envelopu anaikana. Wina anganene kuti amenewa ndi akuluakulu, a malipiro abwino, ndipo anali ndi asilikali owateteza, pamene mlembi wa kuboma alibe womuperekeza popita kunyumba. Akunena zoona, ndipo ichi ndicho chikusonyeza pamene ntchito yathu ili: kulimba mtima kumaphweka pang'ono munthu akadziwa kuti sali yekha.

Ntchito imeneyi sikudikira Nyumba ya Malamulo. Alangizi a pa bridal shower akhoza kupitiriza kuphunzitsa kudekha ndi kulemekezana, koma awonjezepo kuti mbama yoyamba ikanenedwe kwa ankhoswe tsiku lomwelo, ndipo yachiwiri ikafike ku Victim Support Unit ya kupolisi. Anyamata nawo azilangizidwa, chifukwa n'zodabwitsa kuti mkwatibwi amakhalitsidwa pansi masana onse pamene mkwati amangouzidwa tsiku lokayesa suti. Koma pamene pakufunika kusintha kwambiri ndi pa amene timawapatsa ulemu. Wogwira ntchito m'boma akapuma pantchito wopanda nyumba ya malata chifukwa sanabe, timamuseka kuti anagona, anali pamalo abwino koma osachangamuka. Mnzake amene aliyense akudziwa kumene anatenga ndalama timamuitana kukhala mlendo wolemekezeka pa paper Sunday, timamuika pampando wa kutsogolo, kwaya n'kumuimbira akamaponya ndalama m'mbale. Ana athu amakhala kumbuyo m'tchalitchi momwemo akuonerera, ndipo Lolemba timawauza kuti akakhale okhulupirika kusukulu, asakabere mayeso.